Munda wa M'chulu: Mbiri ya Chiswe, Bowa Wake ndi Mankhwala Obisikamo

Mwa alimi onse amene adagwirapo ntchito yobzala ndi kukolola pansi pa thambo, munthu ndiye wobwera m'mbuyo. Pakuti ngakhale makolo a mitundu ya anthu adayamba kusunga mbewu ndi kulima minda zaka pafupifupi 12,000 zapitazo, chiswe, kachilombo kofewa, kakhungu, kamene timakada chifukwa chodya nsichi ndi mphasa zathu, chinali chitakhazikitsa kale ulimi wake zaka ngati 30 miliyoni m'mbuyomo. Mbewu yake ndi imodzi yokha, ndiyo bowa uja amatumphuka pa chulu mvula yoyamba ikagwa, amene ife timamudziwa ndi maina onga utale, nyonzwe ndi manda. Masiku ano anthu ophunzira a ku Ulaya, India, China ndi Japan ali pa kalikiliki kufufuza mankhwala amene ali mwa bowa ameneyu. Tsono n'koyenera kuti ife, amene zulu zili kuseri kwa nyumba zathu, tidziwe kumene ulimi umenewu udachokera, umo uyendera, ndi chuma chimene anthu akutali achiona m'kati mwake.

Chiswe sichili pa ubale ndi nyerere monga ambiri amaganizira. Mbale wake weniweni ndi mphemvu. Mitundu yake ndi yambirimbiri, koma yolima bowa ilipo pafupifupi 330, yonse ya banja limodzi lotchedwa Macrotermitinae. Ofufuza, motsogozedwa ndi Duur Aanen, atayerekeza chibadwa cha chiswe ndi cha bowa wochokera m'maiko osiyanasiyana, adalengeza m'chaka cha 2002 kuti ulimi umenewu udayambika kamodzi kokha, ndi kuti chiyambire pamenepo palibe mtundu ndi umodzi womwe umene udabwerera ku moyo wakale wosalima. Ndipo m'chaka cha 2005 adaonjeza kuti kwawo kwa ulimiwu ndi m'nkhalango zowirira za mvula yambiri za muno mu Afirika. Kuchokera m'menemo chiswe cholima chidafalikira m'madera ouma a tchire ndi udzu, chidaoloka kunka ku Asia ndi ku chilumba cha Madagascar, koma ku America ndi ku Australia sichidafikeko. Umboni wogwirika ndi manja udapezeka pafupi ndi kwathu kuno: m'chaka cha 2016 Eric Roberts ndi anzake adafotokoza za zisa za chiswe zosanduka mwala, za zaka 25 miliyoni, zimene adazifukula m'chigwa cha Rukwa, kumwera cha kumadzulo kwa Tanzania, dera losatalikirana ndi malire a Malawi ndi Zambia, ndipo m'zisazo munali zizindikiro za minda ya bowa.

Kuti timvetse chifukwa chake chiswe chidalowa m'pangano lotere ndi bowa, tiyenera kuyang'ana chakudya chake. Mtengo wouma, phesi ndi udzu zili ndi shuga wambiri, koma shugayo ndi wolukanalukana m'timaulusi tolimba totchedwa selulozi, ndipo timaulusito n'tomatidwa ndi chinthu china chouma gwa, chotchedwa liginini, chimene chimaumitsa mtengo kuti uime chilili. Zamoyo zambiri zimafa ndi njala pakati pa chakudya chochuluka choterechi chifukwa zilibe chomasulira mfundozo. Chomasulira chake ndi maenzaimu, ndiwo timankhwala topangidwa m'thupi la chamoyo, timene ntchito yake ndi kufulumizitsa kusweka kapena kusandulika kwa zinthu. Mayi aliyense wodziwa kuphika thobwa amawagwiritsa ntchito ngakhale sawatchula dzina: phala likakhala lolimba, iye amathiramo chimera, ndipo posakhalitsa phala lija limasungunuka ndi kutsekemera, popeza maenzaimu a m'chimera aswa ufa nausandutsa shuga. Chimene chimera chimachita ndi phala, bowa wa m'chulu amachita ndi mtengo.

Munthu akakumba chulu chamoyo nafika pakati, amapeza zipinda zozungulira zosalala bwino, ndipo m'chipinda chilichonse muli chisa chopepuka, chonyowa pang'ono, chazibowozibowo, chakuda pamwamba ndi chotuwa kunsi, chimene chimafumbutuka ukachifinya. Chisa chimenechi ndiwo munda. Chiswe chachikulire chimatuluka kukatuta udzu, masamba ndi timitengo. Chiswe chaching'ono chotsala pakhomo chimadya zimene zabwerazo pamodzi ndi timibulu toyera timene timamera pa chisa, ndipo zonsezo zimapyola m'mimba mofulumira, zisanagayike kwenikweni, n'kukaikidwa pamwamba pa chisa monga ndowe zatsopano. M'timibulu tija muli mbewu za bowa. Chotero kudya komweko ndiko kubzala. Bowa amayala timizu take m'ndowezo, nazifewetsa pang'onopang'ono kwa masabata angapo, ndipo pofika kunsi kwa chisa zimakhala zitapsa, ndipo chiswe chachikulire chimazidya. Munda umamangidwa pamwamba, umadyedwa pansi, usana ndi usiku, chaka ndi chaka, kwa masiku onse a moyo wa manthu wa chulucho. Ngakhale chulu chenichenicho, ndi makoma ake ochindikala ndi njira zake za mpweya, chimamangidwa poganizira mbewuyo, pakuti bowa ameneyu amakula bwino pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 30 ndi chinyontho chosasinthasintha; ndicho chifukwa chake chomera cha m'nkhalango yamvula chidatha kukhala ndi moyo m'maiko a chilimwe chowawa.

Ngumbi zikauluka, yaimuna ndi yaikazi zimene zapulumuka kwa mbalame, achule ndi ana a anthu zimathothola mapiko, n'kulowa pansi kukayamba mudzi watsopano; koma m'mitundu yambiri ya chiswe, ziwirizo zimapita chimanjamanja, zopanda mbewu. Ana awo oyamba ndiwo amatuluka kukatola timbewu ta bowa touluka ndi mphepo, timene tagwera pa nthaka ndi pa zinyalala. Apa ndipo pagona tanthauzo la utale umene timazula: ndiwo maluwa a munda wa pansi, otumizidwa kunja kamodzi pa chaka kuti amwaze mbewu za midzi yam'tsogolo. Woyang'anitsitsa adzaona kuti pakati pa chipewa chake pali kansonga kolimba, kamene kamaboola dothi louma la chulu, ndi kuti tsinde lake limapitirira pansi monga muzu wautali wowonda. Ndipo wokumba modekha kutsata muzuwo adzapeza kuti wathera pa chisa cha chiswe. Manda yekha ndiye wa khalidwe lina, pakuti amamera wambirimbiri, ting'onoting'ono toyera mbee, pa nyenyeswa za chisa zimene chiswe chatulutsa kunja ndi kuziyala pa nthaka.

Anthu a m'maiko a chiswe adamudziwa bowa ameneyu kalekale, ndipo kulikonse amamuika patsogolo pa bowa mnzake. Ku Namibia amamutcha omajowa. Ku Yunnan, m'dziko la China, amamutcha jizong, ndipo adalembedwa kale m'buku lalikulu la mankhwala la Li Shizhen, losindikizidwa m'chaka cha 1596. Kwathu kuno nzeru ya bowa idasungidwa ndi amayi, amene amalawira m'mamawa ndi dengu, mwana wamkazi ali pambuyo, kumuonetsa wodyedwa ndi wakupha, chulu chobala ndi chosabala, pakuti safunsa adadya phula. Ndipo wotsala pa ndiwo za tsikulo amamufutsa, namuyanika pa dzuwa, namumanga m'chikwatu kuti adzathandize m'chilimwe. Brian Morris, amene adalemba buku la bowa wa m'Malawi lotuluka m'chaka cha 1987, adachitira umboni kuti aphunzitsi ake enieni adali amayi a m'midzi, ndi kuti iwo amaona bowa kukhala pafupi ndi nyama koposa ndi masamba. Pa mfundo iyi amayiwo adatsogola, pakuti ophunzira a masiku ano avomereza kuti pa chibadwa bowa ali pafupi ndi nyama koposa ndi zomera.

Azungu adafika pa nkhaniyi mochedwa ndi mwapang'onopang'ono. M'chaka cha 1779 Johann Gerhard König, amene ankagwira ntchito ku Tranquebar, kumwera kwa India, adalemba za zisa zimene adaziona m'chulu. Ndipo m'chaka cha 1781 Henry Smeathman, atakhala zaka zingapo ku gombe la Sierra Leone, adatumiza kalata yaitali kwa Joseph Banks wa bungwe la Royal Society ku London, yofotokoza mudzi wa chiswe ndi timibulu toyera timene iye adatiyesa chakudya cha ana. Padapita zaka zoposa 100 kufikira Tom Petch, ali ku Peradeniya pa chilumba cha Ceylon, chimene lero ndi Sri Lanka, adalongosola mwatsatanetsatane bowa wa m'zulu m'chaka cha 1906. Ndipo m'chaka cha 1942 Mfalansa Roger Heim adasonkhanitsa mitundu yonseyi pansi pa dzina limodzi la Termitomyces. Koma chodabwitsa n'chakuti bowa wamkulu kopambana onse odyedwa pa dziko lapansi, amene chipewa chake chimatha kutambasuka kufika mita yathunthu, amene anthu a ku Zambia akhala akumudya ndi kumugulitsa m'mbali mwa misewu mibadwo ndi mibadwo, Abemba namutcha chikolowa, sadalowe m'mabuku a sayansi kufikira chaka cha 1980, pamene David Pegler wa ku Kew ndi Graham Piearce adamupatsa dzina lakuti Termitomyces titanicus.

Kwa nthawi yaitali ophunzirawo sadagwirizane za ntchito ya bowayo. Ena ankati ndi mlendo chabe wodziitana yekha, amene chiswe chimangomulekerera. Ena ankati zisa n'zotenthetsera nyumba ndi kusunga chinyontho. M'chaka cha 1956 W. A. Sands, pofufuza chiswe cha kum'mawa kwa Afirika, adaonetsa kuti chiswe chopatsidwa chisa chopanda bowa wamoyo chimafa msanga monga chomanidwa chakudya, pamene chopatsidwa chisa cha bowa chimakhala nthawi yaitali. Kenaka m'chaka cha 1978 Michael Martin ndi Joan Martin, a ku yunivesite ya Michigan, atapima za m'mimba mwa chiswe chotchedwa Macrotermes natalensis, adanena kuti ena mwa maenzaimu oswa selulozi amene adawapezamo sadapangidwe ndi chiswecho, koma chidachita kuwadya m'timibulu ta bowa, ndipo iwo adapitiriza kugwira ntchito m'mimba mwa mwini munda. Mawu amenewa adautsa mtsutso wa zaka zambiri, popeza ena adaonetsa kuti chiswe nacho chimapanga maenzaimu akeake; koma kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo yankho lodzaza lidadza m'chaka cha 2014, pamene Michael Poulsen wa ku Copenhagen ndi gulu lake adawerenga chibadwa chonse cha chiswe chomwecho, cha bowa wake, ndi cha mabakiteriya a m'matumbo mwake. Adapeza kuti m'panganomo muli atatu: chiswe chimatuta, kutafuna ndi kumanga, bowa ali ndi maenzaimu amitundumitundu oswa mfundo zikuluzikulu, ndipo mabakiteriya amatsiriza zidutswa zotsala kuti zisanduke chakudya. Mutu umodzi susenza denga. M'chaka cha 2017 Hongjie Li ndi anzake, pofufuza chiswe cha ku China, adaonjeza kuti ngakhale liginini, wouma uja, amayamba kusweka pa ulendo woyamba wa m'mimba mwa chiswe chaching'ono, ulendo wosakwana maola atatu ndi theka.

Tsono chimene chakopa eni mafakitale n'chodziwikiratu. Munthu akafuna kumasula shuga wa mu mtengo amafunika moto waukulu, asidi waukali ndi makina odula. Chulu chimachita zomwezo popanda moto, pa kutentha kosaposa kwa tsiku la m'chilimwe, ndipo pafupifupi palibe chotayika. Ku Dwangwa akhala akutcheza mafuta a ethanol osakaniza ndi petulo kuyambira chaka cha 1982, koma amawatcheza kuchokera ku manyuchi otsala popanga shuga, amene savuta kuwiritsa. Shuga wochuluka kwambiri amatsalira m'makoko a nzimbe, m'mapesi a chimanga ndi m'mapesi a mpunga, zimene ambiri timangozitentha. Maenzaimu a bowa wa chiswe ndi a mtundu womwewo umene ukufunika pa ntchito yotere. Otchedwa cellulase amaswa selulozi. Otchedwa xylanase amaswa timaulusi tinzake tomuzinga, ndipo a mtundu umenewu amagwiritsidwa kale ntchito poyeretsa mapepala, pofewetsa buledi ndi pokonza chakudya cha nkhuku kuti chigayike bwino. Otchedwa laccase amalimbana ndi liginini, ndipo amathanso kuswa utoto wotayidwa m'madzi ndi mafakitale a nsalu. Ku Kolkata, m'dziko la India, akatswiri a Indian Institute of Chemical Biology adatha zaka zambiri akulera timizu ta Termitomyces clypeatus m'mabotolo ndi kuyenga maenzaimu ake amodziamodzi. Ndipo mwa bowa yemweyo ofufuza a m'dzikolo adapezamo ina youmitsa mkaka, yoyenera popanga tchizi.

Mbali yachiwiri ya chumachi ndi mankhwala oteteza. Mlimi aliyense amadziwa kuti kubzala mbewu imodzi yokha chaka ndi chaka kumaitana matenda. Koma minda ya chiswe, yokhala m'malo ofunda ndi achinyontho m'mene nkhungu iliyonse ikadakondwera, imakhala yoyera modabwitsa. Mdani alipo ndithu, ndiye bowa wina wosadyedwa wotchedwa Pseudoxylaria, amene amabisala m'chisa mwakachetechete. Ukachotsa chiswe, m'masiku owerengeka iye amaphimba munda wonse. Chimene chimamugonjetsa ndi kupalira kosalekeza kwa chiswe pamodzi ndi mankhwala opangidwa m'chulu momwemo. M'chaka cha 2013 ofufuza adapeza mabakiteriya a mtundu wa Bacillus m'zulu za ku South Africa, opanga mankhwala otchedwa bacillaene, amene amafooketsa mdaniyo koma osapweteka mbewu. M'chaka cha 2014 adapeza natalamycin, ndipo m'chaka cha 2017 Christine Beemelmanns ndi anzake adalengeza za macrotermycin, onsewa ochokera ku mabakiteriya okhala ndi chiswe. M'nyengo ino, pamene matenda ambiri aleka kumva mankhwala akale, malo amene agonjetsa nkhungu kwa zaka mamiliyoni sangapeputsidwe.

Bowa mwini wake nayenso ali ndi zake. M'chaka cha 2000 Jianhua Qi ndi anzake ku Japan adayenga mwa bowa wa chiswe wa ku China timankhwala timene adatitcha termitomycesphin, timene timachititsa maselo oleredwa m'mbale za kuyesera kuphuka nthambi monga za mitsempha ya ubongo. Ndipo m'chaka cha 2010 gulu lina la ku yunivesite ya Shizuoka lidapeza mwa Termitomyces titanicus timankhwala tina, termitomycamide, timene ena mwa ito timateteza maselo kuti asafe akapanikizika. Ku India adayenganso mitundu ya shuga wolukana imene imadzutsa asilikali a m'thupi pa zoyesa zawo. Pano tiyenera kunena zoona zokhazokha: zonsezi zaoneka m'nyumba zoyesera, pa maselo ndi pa tinyama, ndipo palibe m'chipatala chilichonse mankhwala ovomerezeka ochokera kwa bowa ameneyu. Wodwala apite kuchipatala. Utale adye monga ndiwo yabwino, yodzala ndi zomanga thupi, yofika m'miyezi imene nkhokwe zayamba kupepuka.

Chinthu chimodzi chawakanika anthu onse anzeruwa kufikira lero. Timizu ta bowayu timamera m'botolo, ngakhale mochedwa. Koma kumulima kuti abale zipewa zodzaza madengu, monga amachitira ndi bowa wa oyisitara m'tinyumba ta udzu, palibe amene wakwanitsa popanda chiswe. Utale uliwonse wogulitsidwa pa msika wa ku Zomba, ku Lusaka kapena ku Kunming udalimidwa ndi chiswe m'chulu chamoyo. Tanthauzo lake n'lakuti nkhokwe ya mbewu zimenezi, ndi ya mankhwala onse osadziwika amene atsala m'menemo, siili m'mayunivesite a kutali, koma m'tchire ndi m'minda ya anthu wamba a mu Afirika ndi Asia. Ndipo ikatha kumeneko, yatha ponseponse.

Sitikubisa kuti chiswe chimaononga. Chimagwetsa chimanga chili chiimire, chimadya mitengo yongobzalidwa kumene, chimalowa m'denga ndi m'nkhokwe, ndipo mlimi amene wataya mbewu zake ali ndi chifukwa chokwiyira. Koma kuteteza nyumba ndi munda n'kosiyana ndi kupululutsa fuko lonse. Masiku ano zulu zikugumulidwa kuumbira njerwa, zina zikuthiridwa mankhwala akupha ngakhale zili kutali ndi mudzi, nkhalango zimene zinkadyetsa chiswe zikusanduka makala, ndipo mapesi amene chikadatuta tikuwatentha, kotero kuti chosowa zouma chimatembenukira ku mbewu zaziwisi. Wopha manthu wapha munda wa pansi, wathetsa utale ndi ngumbi za pamalopo, natsekanso njira zimene madzi a mvula ankalowera m'nthaka.

Maiko adapangana ku Nagoya m'chaka cha 2010 kuti wotenga chamoyo, kapena nzeru ya eni dera yokhudza chamoyocho, ayambe wapempha, ndipo phindu likapezeka agawane ndi eni ake. Malawi ndi Zambia adalowa m'panganolo. Koma pangano lolembedwa silithandiza mtundu umene sudziwa chimene uli nacho. Chotero mafumu, amene ali ndi mphamvu pa nkhalango za m'midzi, aike malamulo osunga zulu zobala bowa monga amasungira manda ndi akasupe; alangizi a zaulimi aphunzitse kusiyanitsa chulu choopsa nyumba ndi chulu chodyetsa mudzi; masukulu athu a ukachenjede atume ana awo kukakhala pansi ndi amayi okalamba, kulemba maina a bowa, nyengo zake ndi malo ake, ndi kusunga mbewu zake m'dziko mwathu momwe muno, kuti tsiku limene enzaimu kapena mankhwala a m'chulu adzafike pa msika, adzukulu a amayi amene adasunga nzeruyi adzakhale nawo pogawana monga eni, osati monga ogula.